Maso a pa Siteji: Mbiri ya Okonda Magalimoto m'Malokeshoni a Blantyre

Mu Blantyre, anthu odziwa magalimoto kwambiri si amene ali nawo. Mwini Prado wa ku Namiwawa kapena ku Sunnyside amadziwa galimoto yake imodziyo, mwina ndi ya mnzake wa ku ofesi. Koma mnyamata wogulitsa mayunitsi pa Chinseu ku Ndirande, wotsuka magalimoto pa Kudya, kapena mkulu amene amaswera pakhonde la golosale ku Bangwe, amadziwa magalimoto a mzinda wonse. Injini ikangolira kuseri kwa kona, iye wadziwa kale kuti ikubwerayo ndi ya dizilo, ndi Hilux yakale, ndipo yatopa. Ikatulukira, nambala yake imamuuza boma limene inalembetsedwa, mtundu wa nambalayo umamuuza ngati ndi ya hayala kapena ya munthu, ndipo penti imamuuza ngati inachitapo ngozi. Nzeru imeneyi siiphunzitsidwa m'kalasi, koma ili ndi mbiri yaitali, ndipo amene aisunga ndi anthu oyenda pansi.

Chifukwa chake chili m'mamangidwe a mzindawu. Malokeshoni anakankhidwira m'mphepete mwa mapiri: Ndirande patsinde pa phiri la Ndirande, Chilomoni moyang'anana ndi Michiru, Zingwangwa pansi pa Soche, Bangwe kupitirira Limbe, Machinjiri kuseri kwa phiri la Ndirande, kutali ndi zonse. Ntchito nazo zinali kwina, ku Makata, ku Ginnery Corner, ku Limbe ndi m'nyumba za mabwana. Choncho m'mawa uliwonse anthu masauzande amatsika m'mapiri ndi kuyenda m'mbali mwa misewu yomweyo imene magalimoto amadutsa. Wokhala m'galimoto amaona msewu, woyenda pansi amaona galimoto. Pa kalembera wa 1966 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 109,000, pa wa 2018 anali atapitirira pang'ono 800,000, ndipo zaka zonsezi ambiri mwa iwo akhala ali oonerera.

Pamene amishoni a ku Scotland ankakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876, kunalibe chinthu cha mateyala choti munthu n'kuchicheukira. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa kuti Mandala, inayamba mu 1878, ndipo nyumba yake yosanja ya mu 1882 ikadalipo mpaka lero. Katundu wa kampaniyi ankafika pa sitima za pamadzi ku Katunga, m'mbali mwa Shire, n'kukwera phiri la Chikwawa pamitu ya amtengatenga. Azungu ankanyamulidwa pa machila. Msewu wa Sclater unalambulidwa m'zaka za m'ma 1890 kuti ngolo zizitha kukwera, ndipo njanji yochokera ku Port Herald, kumene ndi ku Nsanje lero, inafika mu Blantyre mu 1908. Agogo a anthu amene lero amatchula mayina a magalimoto pa siteji ndiwo anali injini za dziko lino, ndipo katunduyo anawathyola misana.

Magalimoto atayamba kulowa, eni ake anali odziwikiratu: akuluakulu a boma ku Zomba, azungu a m'maesiteti a tiyi ndi fodya ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndi amwenye a masitolo ku Limbe. Munthu wakuda ankaifika galimoto ngati dalaivala, wothandizira pa lole, wopukuta, kapena wopatsira zipanera m'galaja. Komatu khomo limeneli, ngakhale linali lakumbuyo, ndi limene nzeru inalowera m'malokeshoni. Amene ankagona pansi pa Bedford tsiku lonse, mafuta akumudonthera kumaso, madzulo ankabwerera ku Ndirande, ndipo ana ankamva kwa iye mayina monga Ford, Morris, Austin ndi Land Rover. Bwana ankadziwa mtengo wa galimoto. Wantchito ankadziwa matenda ake. Dalaivala pa nthawiyo anali munthu wolemekezeka m'dera, wovala yunifolomu, wodziwa Salisbury ndi Fort Jameson, wobwera ndi nkhani za kutali.

Galimoto yoyamba imene anthu wamba anaiyesa yawo inali basi. Kampani ya Nyasaland Transport inayamba mu 1947, ndipo dziko litalandira ufulu inasintha dzina n'kukhala United Transport Malawi, UTM. Basi inkafika pa nthawi yake, inali ndi matikiti, inali ndi mainsipekitala amene ankakwera mwadzidzidzi pakati pa njira. M'midzi anthu ankadziwira nthawi pa kudutsa kwake. M'tauni ana ankaloweza manambala olembedwa m'mbali mwake, n'kumakangana kuti yamphamvu ndi iti pa chitunda. Depoti ya Wenela inalinso khomo la ulendo wa ku migodi ya ku Joni, mpaka pamene ndege inagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha anthu athu opitirira 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuimitsa ulendowo. Obwera ku Joni ndi ku Rhodesia ankafika ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi masutikesi achitsulo. Mmodzimmodzi, amene anakhalitsa, ankafika pa galimoto ya nambala yachilendo, ndipo lokeshoni yonse inkabwera kudzaizungulira.

Nthawi ya Kamuzu inaphunzitsa anthu kuyang'ana galimoto ndi maso awiri, lina losirira, lina lamantha. Kuyambira tsiku limene anatsika ndege pa Chileka, pa 6 July 1958, ulendo wake unali chionetsero. Atakhala mtsogoleri, mdipiti wake ukamachoka ku Sanjika misewu inkatsekedwa nthawi ikadalipo. Ana asukulu ankandandalikidwa m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Limbe, umene pa nthawiyo unkatchedwa Kamuzu Highway, lero Masauko Chipembere. Kutsogolo kunkabwera apolisi a pa mithuthuthu, kenako magalimoto akuda, ndiye mwini wakeyo, pa masiku akuluakulu ataimirira mu Rolls-Royce yotsegula pamwamba, litchowa lili m'manja. Mbumba yokavina ku Kamuzu Stadium inkabwera itadzazana m'malole. Anthu a ku Chilomoni, amene nyumba ya Sanjika amaionera pafupi, anali oyamba kudziwa kuti lero kuli ulendo. Anyamata ambiri amene pano ndi azigogo anaona Rolls-Royce ndi maso awo asanakwerepo ngakhale Datsun.

Diso lamantha nalo linali ndi ntchito yake. Land Rover ya apolisi kapena ya a Payoniya ikaima pakhomo pa munthu madzulo, oyandikana nawo ankalowetsa ana m'nyumba. Kudziwa kuti galimoto iyi ndi ya boma, iyi ndi ya chipani, iyi ilibe chizindikiro koma tinaionapo pa polisi, kunali kudziteteza. Nambala yoyamba ndi MG inkatanthauza boma, ndipo ikutanthauzabe. Anthu anali atamva kale za imfa ya Dunduzu Chisiza pa ngozi ya galimoto pa mlatho wa Thondwe mu September 1962, ndipo ambiri sanakhutire ndi zimene anauzidwa. Mu May 1983 wailesi inalengeza kuti Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga afa pa ngozi ku Mwanza. Galimotoyo inali Peugeot 604. Kafukufuku wa boma amene anachitika ulamuliro utasintha mu 1994 anapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa, galimoto n'kukankhidwira kuphedi kuti ioneke ngati ngozi. M'malokeshoni anthu ankanong'onezana zimenezi kale, ndipo ena mwa oyamba kukayika anali madalaivala ndi amakaniko, anthu odziwa mmene galimoto imaphwanyikira ikagubuduzikadi ili pa liwiro.

Pansi pa zonsezi, magalimoto a anthu wamba ankachuluka pang'onopang'ono. Mphunzitsi wamkulu, kalaliki wa ku banki, mwini chigayo, ankagula Datsun 120Y, Ford Cortina, Volkswagen kapena Toyota Corolla. Mfumu ya misewu yafumbi inali Peugeot, poyamba 404, kenako 504. Pikapu ya 504 inkanyamula matola, matumba a chimanga, maliro, akwati, mbuzi, ndipo ikafika pa chithaphwi siinkabwerera. Anthu a ku France anaipanga, koma Africa ndiye anaikonda, moti ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka za m'ma 2000, kwawo ataisiya kalekale. M'lokeshoni, galimoto imodzi inkakhala ya mzere wonse wa nyumba. Mayi akayamba kudwala matenda a uchembere pakati pa usiku, ankagogoda kwa bambo a galimoto, ndipo bambowo ankadzuka n'kupita nawo ku Queens. Ikakana kulira, achinyamata ankaikankhira kumtsetse. Ndi chifukwa chake eni magalimoto ambiri a ku Zingwangwa ndi ku Ndirande ankaimika galimoto itayang'ana kumunsi.

Apa ndi pamene ndiyenera kuchedwapo, pa ana. Masewera oyamba anali a pakamwa chabe. Ana ankakhala pa kalavati m'mbali mwa msewu, galimoto ikangoonekera patali woyamba kufuula kuti "Yanga iyo!" ndiye mwini wake. Wolanda Benz ankayenda monyada, wotsalira ndi thirakitala ankasekedwa. Koma kuti ulande yabwino unkayenera kuizindikira ikadali kadontho, ndiye maso ankaphunzira msanga kusiyanitsa mphuno ya Peugeot ndi ya Datsun, nyali zozungulira ndi zamakona.

Kenako zimene maso aona, manja ankapanga. Galimoto ya mawaya si choseweretsa wamba. Mwana ankasaka waya m'mipanda yakutha, m'magalaja ndi m'mbuyo mwa mafakitale a ku Makata, n'kumuwongola ndi mwala. Waya wonenepa ankapangira mafupa a galimoto, wopyapyala wa kopa womangira mfundo, malegeni odulidwa ku chubu chakutha okulungira mateyala. Tizitini ta polishi ya nsapato tinkasanduka mateyala a lole, zitsekerero za mabotolo n'kukhala nyali. Chiwongolero chinkatalika kufika m'chiuno mwa mwini wake, ndipo chikapotozedwa mateyala akutsogolo ankakhotadi. Akatswiri ankaika masipuling'i oti galimoto izinyutuka pa miyala, zitseko zotseguka, ngakhale babu la tochi ndi mabatire otoleza kuti usiku iziwala. Ndipo sinkangokhala galimoto chabe. Inkayenera kukhala Land Rover yodziwika, kapena basi ya UTM, kapena Scania ya ngolo ziwiri, moti wopanga akalakwitsa kapendekedwe ka galasi lakutsogolo anzake ankamudzudzula pomwepo. Opanda waya ankaumba ndi dothi, ena ankadula makatoni a Chibuku. Mayi wina wa ku America amene anakhalako m'dziko muno, Karen Lynn Williams, anatulutsa buku la ana mu 1990 lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wosakasaka waya, ndipo ana a m'maiko ambiri aliwerenga. Ine ndimaona kuti kwathu kuno sitinalipatse ulemu wokwanira luso limeneli. Tinkaliyesa kutaya nthawi, ana n'kumakwapulidwa chifukwa chong'amba mpanda, pamene mwanayo anali akuphunzira yekha kuyeza, kulinganiza ndi kulumikiza chiwongolero ku mateyala.

Mu 1989 kampani ya Stagecoach ya ku Scotland inagula gawo lalikulu la UTM, ndipo Blantyre inaona chinthu chimene ambiri ankangochiona pa zithunzi za ku London: basi yosanja. Zoyambazo zinali za mtundu wa Daimler, zakale ndithu, zimene zinagwira kale ntchito zaka zambiri ku Hong Kong. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kunabweranso zatsopano, za Dennis Dragon, za mizere itatu ya mateyala. Zonse zinali zoyera, zokhala ndi mizere yofiira, yabuluu ndi yachikasu chofiirira. Aliyense ankafuna mpando wakutsogolo m'mwamba. Uli pamenepo unkaona mkati mwa mipanda ya anthu olemera imene moyo wako wonse unkangoidutsa kunja, nthambi za mitengo zikukwapula galasi, basi ikupendekeka pokhota mpaka amayi kugwira pamtima. Panali ana amene ankasunga makobidi a chakudya cha kusukulu kuti akwere ulendo wa Blantyre ndi Limbe popanda chokachita ku Limbeko. Panalinso Coachline ya ku Lilongwe, yokwera mtengo, imene ambiri ankangoionera panja.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Mu February 1994 boma linasiya kuikira kwacha mtengo, mu May chaka chomwecho Bakili Muluzi anapambana chisankho, ndipo malonda amene kale anali otsekereza anatseguka. Aliyense wokhala ndi kandalama, makamaka opuma pantchito amene analandira za ukalamba wawo, anagula minibasi. Toyota HiAce ndi Nissan Caravan zinadzaza Mibawa ndi depoti ya Limbe, pambuyo pake n'kubwera Nissan Vanette ndi Mazda Bongo. Minibasi inkaima paliponse, inkalowa mpaka ku Goliyo, ku Nthukwa, ku Namiyango ndi m'maeriya a Machinjiri, ndipo siinkadikira wotchi. Basi yaikulu inalephera kupikisana nayo. Stagecoach inachoka mu 1997, kampani n'kukhala Shire Bus Lines, ndipo nayonso inadzatha. Mabasi osanja aja anazimiririka osatsanzika.

Minibasi inabweretsa mtundu watsopano wa odziwa magalimoto: makondakitala, oitanira, otsuka, ogulitsa mafuta a mabuleki pa siteji. Awa amaidziwa minibasi iliyonse ya pa njira yawo monga mlimi adziwira ng'ombe za m'khola mwake, iyi imatsimphina, iyi imapsa mtima, iyi siyenda ndi njala. Amadziwa yofunika kukankha, ya chitseko chogwa, yosinthidwa injini, ndi imene mwini wake ali pa ngongole. Okwera nawonso anaphunzira. Munthu wa ku Bangwe amatha kuisiya minibasi yoyamba pa mzere chifukwa waiona mateyala, kapena chifukwa akudziwa kuti pa chitunda imafuna kutsitsa anthu. Pagalasi lakumbuyo eni ake amalemba mawu a m'Baibulo, dzina la mwana, kapena la timu ya mpira, ndipo anthu amaitchula minibasiyo ndi mawu amenewo, nambala osaidziwa n'komwe. M'nthawi ya Bingu wa Mutharika boma linalamula kuti pa mpando pazikhala anthu atatu m'malo mwa anayi, ndiponso linaletsa oitanira. Pa siteji lero mukhoza kuona nokha mmene malamulo awiriwa akuyendera.

Magalimoto akalewa sakanatha kuyenda popanda Ndirande. Kumeneko, ndi m'malo ena onga ku Limbe ndi ku Chirimba, galaja imatha kukhala mthunzi wa mtengo, bokosi la zipanera ndi tcheni chokwezera injini. Pali owotcherera, owongola mabodi, opopera penti, a zamagetsi, osoka mipando, aliyense ndi luso lake, ndipo ntchito imodzi imadutsa m'manja mwa anthu asanu isanathe. Sipeya ikasowa m'sitolo, kuno amaisema. Mabushi amadulidwa ku teyala lakutha la thiraki. Injini ya galimoto ina imalowetsedwa m'bodi ya ina, zomangira zake n'kuwotcherera pomwepo. Alipo amakaniko amene anadutsa ku Soche Technical kapena ku Polytechnic, imene inatsegulidwa mu 1965 ndipo pano ndi MUBAS, koma ochuluka anaphunzira pogwirizira tochi ndi kutsuka mabawuti mu petulo kwa zaka, mpaka bwana atawakhulupirira. Sindibisa kuti malonda a masipeya akale ali ndi mbiri ina yoipa, yakuti galasi lobedwa m'tauni limapezeka pa benchi ya wina. Zoterozo zimachitika. Koma kuweruza dera lonse ndi zimenezo n'kusaona chimene chili poyera: dziko losapanga galimoto, losowa ndalama zakunja, likuyendabe chifukwa cha manja a anthu amenewa.

Kusintha kwina kunabwera ndi intaneti. Ku Japan galimoto yatsopano imayesedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula, choncho ambiri amagulitsa galimoto ikadali yolimba. Iwo amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero chili kumanja. Makampani monga Be Forward ndi SBT anaika magalimoto amenewa pa intaneti ndi zithunzi ndi mitengo yake, ndipo mphunzitsi kapena namwino wa ku Machinjiri anatha kusankha galimoto ali pa foni, kutumiza ndalama ku banki, n'kudikira sitima. Ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kuyendetsedwa mtunda wonsewo kudzalowera pa Songwe ku Karonga. Ena amadzera ku Durban kapena ku Beira. Galimoto ya nambala yongoyembekezera ya IT ikalowa m'lokeshoni, zolemba za choko zikadali pagalasi, wailesi ikuyankhula Chijapani, aliyense amadziwa kuti pakhomopo pagwa chisangalalo, ndiponso kuti msonkho wa MRA ukudikira. Msonkhowo umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, n'chifukwa chake misewu yathu inadzaza ndi tating'onoting'ono: Vitz, Passo, Mira, March, Fit. Malonda amenewa anakula mpaka timu ya pa Lali Lubani inatchedwa Be Forward Wanderers kwa zaka zingapo, timu yomweyo imene kale inatchedwapo Yamaha Wanderers.

Toyota Sienta, imene ku Japan inatuluka mu 2003 kuti izinyamula banja la anthu asanu ndi awiri, kuno inasanduka ya matola, ndipo imanyamula oposa pamenepo. Yalanda okwera ambiri a minibasi pa njira za Zomba, Thyolo ndi Mulanje, monga mmene minibasi inalandira a basi. Pansi pake pabweranso kabaza wa njinga zamoto, za Lifo ndi zinzake, zimene zimafika kumtunda kwa Ndirande ndi Soche kumene galimoto siingakwere. Ngozi zake n'zambiri, ndipo mawodi a mafupa ku Queens ndiwo mboni. Kukonda magalimoto sikutseka maso pa zimenezi. Oyenda pansi omwewo amene amasirira galimoto ndi amene imawagunda, m'misewu yopanda poyenda anthu.

Nanga masiku ano, pamene galimoto ili pakhomo lililonse lachitatu kapena lachinayi m'madera ena, chimene chimatembenuza makosi n'chiyani? Pali ziwiri. China ndi chodula: Land Cruiser V8, Range Rover, Benz yatsopano, makamaka ikalowa m'fumbi la lokeshoni pa ukwati kapena pa maliro. Apo funso silikhala la injini. Anthu amafunsa kuti ndi ya ndani, ndipo ndalama anazipeza kuti. Chiyambire nkhani ya kubedwa kwa ndalama za boma ya mu 2013, funso limeneli limafunsidwa mokweza, ndipo ndi loyenera kufunsa. Chinacho ndi chosowa. Obwera ku Joni pa Khirisimasi, nambala za GP zili mbuu ndi fumbi la ku Tete, amabwera ndi magalimoto amene Japan satumiza: Citi Golf, imene South Africa inapanga kuyambira 1984 mpaka 2009, kapikapu ka Nissan 1400, kapena BMW 325i yakale ija achinyamata amaitcha Gusheshe. Pa msewu wa Zalewa okonda mathiraki amasiyanitsa Freightliner ya mphuno yaitali, Scania, Volvo ndi za ku China monga Howo ndi Shacman zisanafike n'komwe pa Kameza. Akuluakulu amakumbukira zaka za nkhondo ya ku Mozambique, njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitatsekeka, pamene mathiraki ankadutsa ku Tete pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ena n'kufika ndi mabowo a zipolopolo.

Koma mukafuna kuona wokonda magalimoto weniweni, muoneni pamene Peugeot 504 yosamalidwa bwino, kapena Land Rover 109, kapena Datsun ya penti yake yoyamba ikudutsa. V8 amangoiyang'ana. Iyi amaimirira. Amaitsatira mpaka pamene yaima, n'kupempha mwaulemu kuti, "Bambo, tatsegulani kutsogoloku tione nawo." Ndipo mwini wake, amene nthawi zambiri ndi munthu wachikulire, amatsegula mosanyinyirika, chifukwa akudziwa kuti wapeza womumvetsa. Amakambirana za kabuleta, za kumene amapeza masipeya, za chaka chimene inalowa m'dziko. Achinyamata amajambula pa foni n'kutumiza pa Facebook ndi pa WhatsApp, kumene ena amayankha kuti bambo awo anali nayo yotere, kapena kuti iyi inali ya abusa a kwawo.

Ngakhale mavuto a mafuta apereka mpata wake. Mu 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012, ndiponso kuyambira 2022, mizere ya magalimoto pa malo omwetsera mafuta inkatalika mpaka kukhota makona. Benz ndi Sienta zinkagona pa mzere umodzi, eni ake n'kumagawana nkhani usiku wonse, anyamata a zigubu akuzungulira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya magalimoto ndi masipeya inakwera koopsa, ndipo funso loyamba la wogula linakhala lakuti lita imodzi imayenda makilomita angati. N'chifukwa chake magalimoto ophatikiza petulo ndi batire, monga Toyota Aqua ndi Honda Fit ya mtundu umenewo, ayamba kuoneka, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo tsopano akusunga kamakina kolumikiza ku kompyuta ya galimoto pambali pa zipanera zake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti magalimoto amene anamanga mbiri imeneyi akutha osasiya chizindikiro. Chiphapha chikakhala kuseri kwa nyumba zaka ziwiri, ogula zitsulo zakutha amabwera ndi sikelo, chotsala amisiri amasula mbaula, makasu ndi zitseko. Sindiwadzudzula, njala siidikira mbiri. Pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri pali injini ya sitima, galimoto yozimitsira moto ndi basi ya nthawi ya Nyasaland, ndipo ana asukulu amazizungulira mokondwa. Ku Mandala House, bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946, limasunga mabuku ndi zithunzi zakale. Zambiri mwa zimenezi zimanena za nthawi ya atsamunda. Za nthawi yathu, ya matola, ya basi yosanja, ya HiAce, zili m'mitu ya madalaivala a UTM ndi Stagecoach amene akukalambira ku Bangwe ndi ku Zingwangwa, ndi m'maalubamu a mabanja mmene mwana anajambulitsa atatsamira galimoto ya eni. Ophunzira za mbiri ku mayunivesite athu akhoza kuwayendera anthu amenewa ndi foni yojambulira mawu chaka chino chomwe. Ndipo pabwalo la ku Chichiri malo alipo okwanira pikapu imodzi ya 504, HiAce imodzi ya nambala yofiira imene inayendapo njira ya Ndirande, ndi shelefu ya magalimoto a mawaya, iliyonse italembedwa dzina la mwana amene anaipanga ndi lokeshoni yake. HiAce yotheratu mtengo wake ndi wa zitsulo za pa sikelo basi, ndipo oikonza kuti ioneke bwino ali pa mtunda wa makilomita ochepa kuchokera pa geti la nyumbayo.